Mphere za Kapitawo

Lolemba, 3 Malichi

Andigoneka. Bedi lachitatu kuchokera pakhomo, pafupi ndi sinki yomwe mpopi wake sutsekeka. Mikono yonse iwiri yatupa kuyambira ku zala mpaka pansi pa chigongono. Khungu lang'ambika, likuchucha madzi, wamanzere wachita mafinya. Thupi likutentha, shuga wakwera. Dilipi andibaya cha kumtunda kwa mkono chifukwa kumunsiku kulibe malo abwino.

Ndayamba kulemba chifukwa aliyense wovala zoyera akundifunsa kuti zinayamba liti, ndipo ine ndikumayankha mosiyanasiyana ngati wakuba. Pensulo ndaisomeka mu bandeji. Telala wa moyo wanga wonse, lero batani la bulauzi wandimangira ndi namwino.

Lachiwiri, 4 Malichi

Mankhwala a m'dilipi katatu pa tsiku. Jakisoni wa shuga m'mawa ndi madzulo. Kapiritsi koyera koletsa kuyabwa, kamene kamangobweretsa tulo, kuyabwa kuli pomwepo.

Kunabwera dokotala wachinyamata amene m'wodi muno amamutchula kuti Wothamanga, chifukwa amafunsa funso ali pa bedi lako, yankho n'kukalimvera pa bedi lotsatira. Mwana wanga anali pompano, anazemba ku ofesi nthawi ya nkhomaliro.

"Kunyumba muli ndi chiweto, mayi?"

"Galu."

"Amadzikanda?"

Ndisanatsegule pakamwa, mwana wanga anali atayankha kale. "Tsiku lonse, adokotala. Ali ndi mphere. Kumsana konse ubweya unatha."

"Si mphere," ndinatero ine. "Ndi ziwengo."

"Kaya mphere kaya ziwengo," anatero Wothamanga uku akulemba, "chimene chikuwawenga mayiwa chichotsedwe pakhomo. Apo ayi muzingobwera kuno." Basi, wadutsa.

Mwana wanga anavomera ndi mutu ngati ali m'tchalitchi. Mawu amenewo wakhala akuwafuna kwa miyezi, lero wawalandira kuchokera kwa munthu wa chovala choyera. Mtima wanga suli m'malo.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndilembe za galuyo, poti ndiye akuimbidwa mlandu. Dzina lake ndi Kapitawo. Anali wa malemu amuna anga, amene anali mmisiri womanga nyumba. Ankawatsatira ku ntchito n'kukakhala pamwamba pa mulu wa mchenga, kuyang'anira anyamata okanda simenti, iye osagwira kanthu. Dzinalo linachokera pamenepo. Bambowo atamwalira anasamukira pansi pa makina anga osokera, ndipo ndikamapalasa, mutu wake umakhala pa phazi langa lamanzere. Wakalamba tsopano, kukamwa kwachita imvi. Pa zonse zimene bambowo anandisiyira, chopuma ndi iye yekha.

Kukanda kwake si kwa lero. Dokotala wa ziweto anamupala khungu, anayang'ana pa makina ake, nati mulibe kachilombo ka mphere. Anati ndi ziwengo, monga mmene mazira amawengera anthu ena. Kapitawo amamuwenga ndi malovu a utitiri, ngakhale kamodzi kokha kamulume, komanso fumbi ndi udzu ukayamba maluwa. Anati zimagwira amphaka ndi akavalo omwe, sizipatsirana, sizitheratu, koma zimagonja ukamazisamala. Kumusambitsa Loweruka lililonse ndi sopo wamankhwala, piritsi lobisa m'chakudya, mankhwala a utitiri pakhosi mwezi ndi mwezi.

Ndinafika kunyumba n'kufotokoza zonsezi. Apongozi anga, akazi a mwana wangayo, anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, "Ndiye mpherezo zitha liti, amayi?"

Nthawi imeneyo anali atatopa ndi pakati. Anandigulira magolovesi a labala achikasu, aatali bwino, nati, "Mukafuna kumugwira muzivala awa. Mwanayu akabadwa mudzamunyamula ndi manja omwewo." Mwana wanga anawonjezera kuti ndikakana, galu achoke. Nyumba anamanga ndi bambo ake, koma malamulo amachokera kuchipinda kwa iwo. Ndinavomera kuti Kapitawo akhale. Manja anga atayamba kuyabwa anati taonani, munachedwa kuvala. Ndinayamba kuvala ndi potsuka mbale pomwe, ndi pochapa pomwe.

Dzanja latopa.

Lachinayi, 6 Malichi

Lero ndi tsiku la adokotala a khungu, amabwera Lachinayi lokha. Ndinasamba m'mawa, namwino anandipesa, ndinadikira ngati mkwatibwi. Masana akuti apita ku msonkhano, tionana Lachinayi linalo. Kuyabwa kwanga sikunaitanidwe ku msonkhanoko.

Namwino wamkulu wandipala khungu pang'ono pakati pa zala kuti akaone ngati muli tizilombo ta mphere. Ndamuuza kuti Kapitawo anamupalanso chonchi. Sanaseke.

Mawu aja oti mphere afalikira m'wodi. Kumanja kwanga kuli aphunzitsi opuma ntchito, anabwera ndi vuto la impso. Lolemba tinkabwerekana supuni. Lero kapu yawo aisamutsira mbali inayo ya kabati, ndipo apempha kuti katani ya pakati pathu izikhala yotseka chifukwa cha mphepo. Mawindo onse ndi otseka.

Kumanzere kuli mayi wa bala la pamwendo, dzina lake m'wodi muno ndi Wailesi. Pakamwa pake sipapuma, koma iye yekha ndi amene amandisendera nthochi.

Lachisanu, 7 Malichi

Thupi latenthanso. Asintha mankhwala a m'dilipi, awa akuwotcha mu mtsempha. Pomasula bandeji khungu limapita nayo. Ndalira pamaso pa ana asukulu ya unamwino, ndipo sindinachite manyazi.

Sindinadye.

Loweruka, 8 Malichi

Kutentha kwatsikako. Shuga akadali pamwamba, andiletsa buledi woyera.

Lero ndi tsiku losamba Kapitawo. Amalidziwa, akangoona ndowa yobiriwira amakabisala kuseri kwa matumba a nsalu, mchira uli panja.

Mwana wanga wabwera ndi mpunga ndi nyama ya nkhuku. Chinthu choyamba chimene ndinayang'ana ndi buluku lake. Telala amayamba waona nsalu, nkhope pambuyo. Amavala mabuluku akuda a ku ofesi, ndinawapinda ndekha m'miyendo, ndipo Kapitawo amamulonjera pomukhuza bondo lamanja. Ubweya wofiirira unalipo, pang'ono, pa bondo pomwepo. Ndinapuma.

"Wamusambitsa?"

"Amayi, idyani kaye."

"Sopo ali pawindo la ku bafa. Madzi ofunda, osati otentha. Thovu ulisiye pathupi mpaka utatha kutsuka ndowa ndi kusesa pakhonde, kenako umutsukuluze bwinobwino, m'khwapa ndi pakati pa zala. Piritsi ulikulunge mu kanyama. Ukamupatsa pamanja amalisunga m'tsaya n'kukalilavula kuseri kwa chitseko."

"Ndamva."

"Wamva kapena uchita?"

Anayang'ana dilipi ngati ndi iye anaibaya. Kenako anati amumangirira kuseri kwa nyumba, pa mtengo wa mapeyala, kuti asalowe m'nyumba mpaka zidziwike. Kumeneko ndi kumene kuli udzu wautali. Ndinamuuza, anati adula. Kuyambira ali mwana, akati achita chinthu uku akukanda khutu, ndiye kuti chathera pomwepo. Anakanda khutu.

Lamulungu, 9 Malichi

Apongozi abwera okha, khanda alisiya ndi amayi awo. Anabweretsa msuzi wa nsomba wopanda mchere wambiri, wophika bwino ndithu, zimenezo sindingawanamizire. Anagwada pondipatsa moni monga mwa nthawi zonse, koma chikwama anachiika kumapazi kwa bedi ndi nsonga za zala.

Ndinafunsa za mdzukulu wanga. Anayamba kulira. Akuti watuluka timatuza tofiira m'khosi ndi kumsana.

"N'thukuta limenelo," ndinatero. "Mumamufunditsa ngati tili m'nyengo yozizira. Bambo akewo ankatuluka tomweto."

"Mwina, amayi. Koma inunso munayamba ndi timatuza."

Ndi mwana wawo woyamba, ali ndi miyezi inayi, ndipo mantha awo ndi enieni. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti mantha awo ali ndi miyendo, amayenda pakhomo ponse n'kumalamula, pamene mawu anga ali pa bedi lachitatu atamangidwa bandeji.

Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti asachite kanthu mpaka adokotala a khungu andione Lachinayi. Anati akawauza abambo ake a mwana.

Aphunzitsi anamva zonse kuseri kwa katani yawo. Madzulo ndinawamva akuuza mlendo wawo kuti anthu ena amakonda galu kuposa mdzukulu.

Lolemba, 10 Malichi

Zotsatira zabwera. Mulibe tizilombo ta mphere. Wothamanga ananena ali kale pa bedi la Wailesi, moti Wailesi anayankha kuti zikomo.

Ndinapempha namwino andiimbire mwana wanga, foni anandigwirira kukhutu.

"Si mphere. Apima, alemba."

"Chabwino, amayi. Ndiye ndi ziwengo?"

"Eya."

"Ndiye ndi zomwe ananena adokotala zija. Chikukuwengani ndi galuyo."

Miyezi yonseyi ndakhala ndikumenyera kuti anene mawu oti ziwengo. Lero wawanena, ndipo wawasandutsa chingwe chomangira galu yemweyo. Ndinamufunsa ngati anamusambitsa. Anati foni ikuduka.

Lachiwiri, 11 Malichi

Achotsa dilipi, tsopano ndi mapiritsi, awiri m'mawa awiri madzulo. Mafuta opaka kawiri pa tsiku, kenako bandeji yonyowa. Mkono wamanja wayamba kuuma.

Nkhomaliro yadutsa, sanabwere aliyense. Ndadya phala la chipatala.

Wailesi anaona kuti ndikungoyang'ana kukhomo, ndiye anatsegula nkhani. Amuna ake amasamalira akavalo pamalo pena pomwe anthu olemera amaphunzirira kukwera. Akuti pali kavalo wina wamkazi amene nyengo ya mvula ikafika, touluka tating'ono tikamuluma, amadzikhuza pa mtengo mpaka mchira kutsala ngati tsache lotha. Anzake onse m'khola momwemo ali bwinobwino. Amamuveka chinsalu thupi lonse ndi kumaso komwe, amangooneka maso.

"Ndiye bambo akunyumba amagwira kavalo ameneyo tsiku ndi tsiku," anatero, "n'kubwera kudzandigwira ine. Mwaona ine ndathothoka mchira?"

Ndinaseka mpaka bandeji inasuntha. Kenako ndinaganiza kuti kavalo wa anthu olemera amamusokera chovala, galu wanga ali pa chingwe mu udzu. Ndikanakhala ndi manja ndikanamusokera.

Lachitatu, 12 Malichi

Mwana wanga wabwera ndi maapulo, chinthu chimene sanandigulirepo chibadwire. Anakhala nthawi yaitali, anandifunsa za tulo, za shuga, za chakudya. Anandikonzera pilo.

Buluku lake linali lakuda bii, bondo lamanja ngati lamanzere.

"Kapitawo ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Akudya?"

"Amayi, mudzichiritse kaye inuyo."

Atapita ndinadziuza kuti galu womangidwa kuseri sangafike pa bondo la munthu wotulukira khomo la kumaso. Ndinadziuza kuti mwina apongozi agula bulashi. Ndadziuza zambiri lero.

Lachinayi, 13 Malichi

Abwera adokotala a khungu. Mayi wachikulire, wamfupi, magalasi ali pa chingwe. Anakoka mpando n'kukhala pansi, chinthu chimene sindinachionepo m'wodi muno. Anamasula bandeji okha, anatembenuza mikono yanga uku ndi uku, anaiyika pamodzi.

"Mayi, mumagwira ntchito yanji?"

"Ndine telala."

"Ndiye muyang'ane apa ndi diso la telala. Zilondazi zathera pati?"

Ndinayang'ana. Pansi pa chigongono, mikono yonse iwiri, zathera pa mzere wowongoka wozungulira mkono, ngati mpendero. Kumtunda kwake khungu lili bwino. Ndakhala ndikuiyang'ana mikono imeneyi miyezi yonseyi osaona.

"Galu sadziwa kujambula mzere," anatero. "Mumavala chiyani chofika apa?"

Ndinawauza za magolovesi. Anafunsa ngati kuyabwa kunayamba ndisanayambe kuvala kapena nditayamba. Funso lija la zinayamba liti, lero lokha ndinaliyankha molondola. Nditayamba. Anati labala wina amakhala ndi mankhwala amene amawenga anthu ena, ndipo ukatuluka thukuta m'katimo zimanyanya. Ukamavala kwambiri kuti udziteteze, ndi pamene ukudziwotcha.

Magolovesiwo anali m'chikwama changa, apongozi anandilongedzera tsiku londigoneka kuti ndizitsukira mbale yanga. Adokotala anadula kachigamba n'kundimata kumsana ndi pulasitala. Pambali pake amata kathonje konyowetsa ndi sopo wa mtundu wa Kapitawo. Anati kuti pasakhale wotsutsa kunyumba, wina abweretse ubweya pang'ono wa galuyo, amatenso mawa. Osasamba kumsana, osakanda. Abwera okha Lolemba kudzaona, ngakhale si tsiku lawo.

Ndinamuimbira foni mwana wanga ndekha, ndi chala chimodzi.

"Tenga sizasi yanga yaing'ono, umumete pang'ono pakhosi pomwe pali ubweya wabwino. Ubwere nawo mawa."

Ndinakanikiza foni kukhutu n'kumufunsa.

"Wamva?"

"Ndiona, amayi."

Katani ya aphunzitsi yatseguka pang'ono madzulo ano. Ine ndatseka yanga.

Lachisanu, 14 Malichi

Wabwera nawo m'kajumbo ka mapiritsi. Anapereka kwa namwino, koma ine ndinati ndione kaye.

Ubweya wometa umakhala wofanana, mbali imodzi yodulidwa bwino. Uwu unali wopotana, wafumbi, ndipo munali kaulusi kofiira ka diresi ya mkwatibwi wina imene ndinasoka mwezi watha, ndi kachidutswa ka choko chojambulira nsalu. Ubweya wotola pansi pa makina anga.

Namwino anatapa pang'ono, anandimata kumsana, anachoka. Mwana wanga anali chiimire.

"Khala pansi. Unamuchotsa liti?"

Sanakande khutu. "Lachiwiri."

Ananena zonse akuyang'ana nsapato. Palibe anamusambitsa, onse ankaopa kumugwira. Chakudya ankamukankhira ndi mtengo, piritsi ankaliponya m'mbale, ndipo anawapeza onse atalavulidwa pansi pa mtengo wa mapeyala. Anadziluma kumsana mpaka nyama kuonekera, ntchentche zinaikira. Ankalira, khanda osagona. Lachiwiri anamukulunga m'thumba n'kupita naye kwa dokotala wa ziweto.

"Dokotalayo anati chiyani?"

"Anati si mphere. Anati akhoza kuchira koma pafunika munthu womutsuka mabala tsiku lililonse kwa milungu ingapo."

"Ndiye?"

"Ndinamuuza kuti munthu wake ali m'chipatala chifukwa cha iye yemweyo, ndipo adokotala a kuno anati achotsedwe. Anakana kaye. Kenako anaona msinkhu wake ndi mabalawo, anamubaya jakisoni woti agone osadzukanso. Sanavutike, amayi."

Sanavutike. Sabata yathunthu pa chingwe akudzidya yekha, koma sanavutike.

"Timatuza ta mwana tija?"

"Tinatha. Anati n'thukuta."

Ndinamuuza atenge maapulo ake azipita.

Loweruka, 15 Malichi

Tsiku losamba.

Kumsana kukuyabwa malo amodzi, cha kumanzere. Ndikudziwa chimene anamata pamenepo.

Lamulungu, 16 Malichi

Shuga watsika. Mikono yauma, ikusupuka. Namwino akuti ndikuchira bwino kwambiri, ndisangalale.

Wailesi wakhala chete tsiku lonse chifukwa cha ine. Wandisendera nthochi, ndadya theka kuti asakhumudwe. Aphunzitsi anditumizira supuni ija. Ndaibweza.

Ndikudana ndi mwana wanga lero. Ndalemba kuti ndione mmene zikuonekera pa pepala. Zikuoneka zoona, ngakhale ndikudziwa kuti sizikhalitsa, poti ndi mwana wanga, ndipo zimenezonso zikundipsetsa mtima.

Lolemba, 17 Malichi

Abwera onse awiri kudzanditenga, apongozi ali ndi khanda kumbuyo. Adokotala a khungu anafika monga analonjezera. Anamatula mapulasitala atatu aja, n'kuitana mwana wanga ndi akazi ake kuti aone okha msana wanga.

"Apa panali sopo wa galu, palibe kanthu. Apa panali ubweya wake, palibe kanthu. Apa panali golovesi." Anakhudza pamalopo ndipo ndinadumpha. Akuti pafiira, patuluka matuza, mofanana ndendende ndi kachigamba kaja, ngodya zonse zinayi.

Apongozi anagwira pakamwa. Ndinamva akupuma ngati munthu wokwera phiri.

Adokotala sankadziwa kanthu, palibe anawauza. Analemba mafuta opaka a milungu iwiri, anati labala ndisamuyandikirenso, ngakhale lamba wa m'chiuno mwa siketi ndimukute ndi nsalu. Kenako anandimwetulira.

"Galu wanuyo alibe mlandu, mayi. Mikono ikapola mukamusambitse ndi manja anu, mmene mungafunire."

"Bwerezani, adokotala," ndinatero. "Mwana wanga sanamve."

Anabwereza mokweza, mokoma mtima, akuganiza kuti akutithandiza. Mwana wanga anatuluka kupita pakhonde. Apongozi anagwada pambali pa bedi akulira, akuti amayi, ndinkafuna kukutetezani. Ndikudziwa. Ndinawauza adzuke, pansi pano mpakuda ndipo ali ndi mwana kumbuyo. Mawu ena oposa amenewo ndilibe lero.

Apita kukatenga mankhwala ku windo, ine ndikudikira pa bedi, katundu ali m'chikwama. Bandeji achotsa. Khungu latsopano ndi lofewa, lowala, ngati la mdzukulu wanga.

Chimene chikundidya ndi ichi. Miyezi isanu yomaliza ya moyo wake sindinamugwirepo ndi dzanja langa. Ndikamusisita mutu ankanunkhiza chikasu chija, n'kuyetsemula, n'kundiyang'ana kumaso ngati akufunsa kuti walakwa chiyani. Ine ndinkamuuza kuti pirira, tikuchitira kuti ukhale. Tsiku londibweretsa kuno anandiperekeza mpaka pa geti, ndipo ndinamukankha ndi bondo kuti asakhudze mabala.

Kajumbo kaja namwino anafuna kutaya, ndinakapempha. Ubweya wotsalawo ndaukhuthulira pa chikhatho, pa khungu latsopanoli, ndi kaulusi kofiira komwe. Ndaufumbata kuyambira pamene anabweretsa tiyi, tsopano tiyiyo wazizira.

Sukuyabwa.